Kuphunzira kulemba mapulogalamu ndi AI kuno ku Mangochi: njira iti imasiya kanthu m'mutu?

Kuyambira pomwe GitHub idatulutsa Copilot mu 2021, kenako OpenAI n'kutulutsa ChatGPT pa 30 Novembala 2022, zonse ziwiri zipangizo za AI zotha kulembera munthu khodi (malamulo amene kompyuta imatsatira), kupeza khodi yoyenda kwapepuka moti mnyamata amene wangolemba mayeso a Fomu 4, yemwe sanatsegulepo buku la Python, chinenero cholembera mapulogalamu, angathe kukhala ndi kapulogalamu kake dzuwa lisanalowe. Kumvetsa zimene zalembedwazo ndiye kudakali kolemera monga kale. Zinthu ziwirizi zinkayendera limodzi, chifukwa munthu sukanapeza pulogalamu yogwira ntchito osaikhetsera thukuta. Pano zidasiyana njira, ndipo wophunzira aliyense akusankha yekha, nthawi zambiri osadziwa n'komwe kuti akusankha.

Poyerekeza njira zosiyanasiyana zophunzirira ndi AI kapena popanda iyo, ndikuganizira anthu a kuno kwathu: wophunzira wa pa DMI St John the Baptist University, mphunzitsi wa sekondale ku Namwera amene akudziphunzitsa yekha madzulo, mtsikana wa ku Monkey Bay amene akufuna kupangira malo ogona alendo tsamba lolembetserapo zipinda. Anthu amenewa ali ndi zokhoma zimene olemba malangizo a ku America saziwerengera. Magetsi amazima. Bandulo imathera pakati pa ntchito, ndipo cha ku Makanjira kapena m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ya Malombe netiweki imabwera ikafuna. Zipangizo zolipira zimafuna madola: Copilot Pro yakhala pa $10 pamwezi, ChatGPT Plus, Claude Pro ndi Cursor Pro pa $20. Chitsitsireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kuphatikizapo kusowa kwa ndalama zakunja, ngakhale wokhala ndi khadi ya banki sakhala ndi chitsimikizo kuti malipiro adutsa. Ndiye munthu wa kuno adzapezeka ndithu tsiku lina ali yekha ndi khodi yake, wopanda womufunsa. Njira iliyonse ndikuiyeza ndi tsiku limenelo.

## Zimene akafukufuku aona

Chiwerengero chimene otsatsa malonda amakonda kutchula chidachokera ku GitHub komweko mu 2022. Adatenga olemba mapulogalamu 95 n'kuwapatsa ntchito yolemba seva ya HTTP mu JavaScript, ndipo amene anali ndi Copilot adamaliza mofulumira ndi pafupifupi 55 peresenti. N'zoona, koma adayeza liwiro basi, pa ntchito yodziwika imene yalembedwapo kambirimbiri pa intaneti. Sanafunse ngati anthuwo adatolapo kanthu.

Mu Julayi 2025 bungwe la METR lidatulutsa zotsatira zimene zidadabwitsa ambiri. Akatswiri 16, ogwira ntchito pa mapulogalamu aakulu amene akhala akuwasamalira kwa zaka, adachita ntchito 246, zina ndi AI zina popanda. Asanayambe ankayembekeza kuti AI iwafupikitsira nthawi ndi 24 peresenti. Atamaliza ankakhulupirira kuti yawafupikitsiradi ndi 20 peresenti. Wotchi idaonetsa kuti ntchito zochita ndi AI zidatalika ndi 19 peresenti. Zipangizo zasintha kuchokera nthawi imeneyo, ndiye 19 ameneyo musamutenge ngati lamulo. Chimene wophunzira ayenera kuona ndi kusiyana kwa zimene anthuwo ankamva mumtima ndi zimene zidachitikadi. Ngati katswiri angaphonye chonchi poyeza liwiro lake lomwe, wongoyamba kumene angadziyeze bwanji kuti wamvetsa?

Kafukufuku wokhudza kuphunzira kwenikweni adatuluka ku Anthropic mu Januwale 2026. Imeneyi ndi kampani yomwe imagulitsa Claude, ndiye sikuti zotsatirazo zinkaikomera. Olemba mapulogalamu 52, ambiri ongoyamba kumene ntchito, adauzidwa kugwiritsa ntchito library (khodi yokonzedwa kale ndi ena) ya Python yotchedwa Trio, imene sankaidziwa. Ena anali ndi AI, ena analibe. Kenako onse adalemba mayeso popanda AI. A gulu la AI adapeza 50 peresenti, anzawowo 67, ndipo adasiyana kwambiri pa mafunso osaka cholakwika mu khodi. Nthawi imene a AI adapulumutsa inali pafupifupi mphindi ziwiri zokha. Koma m'gulu la AI lomwelo sadagwe mofanana. Amene ankangoipatsa ntchito yonse, kapena kuiponyera error iliyonse kuti ikonze, ndiwo adagwa chagada. Amene ankafunsa mafunso ofuna kumvetsa, kapena kupempha kuti khodi yolembedwayo iwafotokozeredwe, adakhoza bwino. Chipangizo chinali chimodzi, kagwiridwe ndiko kadasiyana.

## Kuisiyira zonse

Iyi ndi njira ya zipangizo monga Cursor, Claude Code ndi Copilot ikakhala pa agent mode. Mumafotokoza chimene mukufuna, iyo imatsegula mafayilo, kulemba, kuyesa, kukonza, inu mukungodina kuvomereza. Andrej Karpathy, mmodzi mwa amene adayambitsa OpenAI, adaitcha vibe coding mu Febuluwale 2025, ndipo mwini wakeyo adanena kuti ndi yoyenera timapulojekiti tongoseweretsa kumapeto kwa sabata. Kuno ambiri amaitsata mwaumphawi: Meta AI idalowa mu WhatsApp ku Malawi mu Epulo 2024, ndiye munthu amafunsa pa foni, n'kukopera yankho lonse pa laputopu. Chodabwitsa n'chakuti wokopera ndi manja, chilembo ndi chilembo, amatolako pang'ono kuposa wa laputopu yamphamvu wongodina, chifukwa maso ake adutsa pa mzere uliwonse. Koma pang'ono penipeni.

Ubwino wa njirayi ndi woonekeratu. Ngati muli ndi malo ogona alendo ku Chembe ndipo mukungofuna tsamba loonetsa zipinda, mitengo ndi nambala ya foni, simukusowa kukhala katswiri. Lolani makina alembe, muone ngati zikuoneka bwino, mubwerere kukasamalira alendo anu. Munthu amene akufuna chinthucho osati luso lochipangira palibe chomunyozera.

Zimavuta pamene chofunika ndi luso, kapena pamene pulogalamuyo yagwira ndalama za anthu. Tiyerekeze kuti mwapangira gulu la banki mkhonde kapulogalamu kosunga mayina a mamembala, midzi yawo ndi ngongole zawo mu database (nkhokwe yosungira zolembedwa) ya SQLite. Penapake muli mzere wotere:

`funso = "SELECT * FROM mamembala WHERE mudzi = '" + mudzi + "'"`

Mwayesa ndi Malindi, zayenda. Mwayesa ndi Namwera, zayenda. Mwapereka. Tsiku lina mlembi wa gulu akuimba foni kuti pulogalamu yafa atafufuza anthu a kwa M'baluku, ndipo pa sikirini palembedwa `near "baluku": syntax error`. Chachitika n'chakuti kachizindikiro kamene kali pakati pa M ndi b ndi komweko kamene SQL, chinenero cholamulira database, imatsekera mawu, ndiye database yawerenga kuti dzina lathera pa M, zotsalazo n'kukhala lamulo losamveka. Mayina otere kuno ndi osawerengeka, a M'bwana, a Ng'oma, a Mang'anda. Zipangizo zamakono nthawi zambiri zimalemba mzerewu moyenera, koma zimatsanziranso kalembedwe kamene zapeza m'mafayilo anu, ndipo mzere umodzi woipa umabala ena.

Amene sakudziwa chikuchitika amakopera error ija n'kuiponyera AI kuti ikonze. Ikhoza kukonza bwino. Ikhozanso kungochotsa kachizindikiroko pa dzina lililonse lofufuzidwa, error n'kusowa, koma anthu a kwa M'baluku amene adasungidwa kale osapezekanso, chifukwa tsopano pakufufuzidwa Mbaluku. Pa sikirini zonse ziwiri zimaoneka ngati zatheka. Kukonza kwenikweni ndi kusiya kumata mawu a munthu m'kati mwa lamulo, n'kuwapereka padera:

`cur.execute("SELECT * FROM mamembala WHERE mudzi = ?", (mudzi,))`

Bowo lomwe lagwetsa pulogalamu ndi dzina la mudzi ndi lomwenso akuba amalowera, chimene chimatchedwa SQL injection: munthu amalemba lamulo lake m'bokosi la dzina n'kuona zimene sanayenere kuona. Wophunzira amene wakhala theka la ola akudzifunsa chifukwa chimene Malindi akudutsira koma M'baluku ayi sadzaiwalanso phunziro limeneli. Amene wangodina kuvomereza sanadziwe n'komwe kuti panali phunziro. Ofufuza a ku Stanford mu 2022 adapeza kuti anthu amene anali ndi AI ankalemba khodi yosatetezeka kuposa anzawo, komabe iwo ndi amene ankakhulupirira kwambiri kuti yawo ili bwinobwino.

Njira iyi ili ngati kukwera bwato lopalasa wina: tsidya mufika ndithu, koma mwera ukadzuka pakati pa nyanja wopalasayo atalephera, nkhafi imagwera m'manja mwa munthu amene sanaigwirepo. Ndiyonso imadya bandulo ndi madola kuposa zonse, chifukwa agent amatumiza ndi kulandira mafayilo ambirimbiri pa ntchito imodzi, ndipo gawo laulere limatha msanga.

## Mawu otuwa a mu VS Code

Copilot wa masiku onse amakhala mu VS Code, pulogalamu yolemberamo khodi. Mukayamba kulemba, iye amatsogola ndi mizere yotuwa, mukadina Tab yalowa. Mu Disembala 2024 GitHub idatulutsa mtundu waulere wopereka malingaliro otere 2,000 ndi mauthenga ocheza 50 pamwezi, ndipo yakhala ikupereka mwayi wapadera kwa ophunzira otsimikiziridwa kudzera ku GitHub Education, kotero wa pa yunivesite ayese kulembetsa ndi chiphaso chake cha sukulu.

Kwa ine njira iyi imanyenga kuposa yoyamba ija, chifukwa siioneka ngati ulesi. Manja ali pa kiyibodi, mzere uliwonse mwauona, ndiye mumamva ngati mwalemba nokha. Koma kuzindikira yankho mutaliona ndi kulitulutsa m'mutu mwanu ndi maluso awiri osiyana. Aliyense amene adazolowera mayeso osankha A, B, C, D n'kudzakumana ndi funso lofuna ndime yathunthu akudziwa. Pamene mwaima kuti muganize ngati apa pakufunika `for` kapena `while`, timasekondi timeneto ndi tomwe munthu amaphunzirira, ndipo ndi pomwenso mawu otuwa amatulukira. Mutu umasiya kulambula njira yake n'kuyamba kuweruza njira ya wina, pamene chopimira mulibe.

Kwa amene walemba kale ma loop mazanamazana ndi chinthu chabwino kwambiri, chimamuchotsera ntchito yobwerezabwereza. Wa chaka choyamba azimitse. Kachizindikiro kake kali m'munsi mwa windo ya VS Code, ndipo mukhoza kuzimitsa pa chinenero chimodzi chokha, monga Python amene mukuphunzirayo, n'kusiya pa HTML ngati mumaidziwa kale.

## Kuifunsa ngati mphunzitsi

Apa tikhalitsepo, chifukwa chipangizo chake ndi chomwe chija chaulere cha pa foni, koma zotuluka zake zimasiyana kutalitali malinga ndi kafunsidwe.

Hamsa Bastani ndi anzake a ku University of Pennsylvania adayesa zimenezi pa ana a sekondale pafupifupi 1,000 ku Turkey, pa phunziro la masamu. Ena adapatsidwa GPT-4 (AI ya OpenAI) wamba, ena GPT-4 wokonzedwa kuti azingolondolera osapereka yankho, ena sadapatsidwe kanthu. Pa ntchito zoyeserera, a GPT wamba adaposa opanda kanthu ndi 48 peresenti. Atawalanda n'kuwapatsa mayeso, adatsika ndi 17 peresenti poyerekeza ndi amene sanaugwirepo. A GPT wolondolera uja sadatsike chotero. Nzeru yomweyi ndi imene adatsata a CS50, maphunziro a ku Harvard amene David Malan amaphunzitsa ndipo aliyense angawatsatire kwaulere pa intaneti: kuyambira 2023 ali ndi AI yawoyawo, yooneka ngati kabakha, yopangidwa kuti ikutsogolereni osakulemberani. ChatGPT nayo ili ndi study mode kuyambira Julayi 2025, ndipo Gemini ili ndi Guided Learning.

Koma batani lapadera si lofunika kwenikweni. Chofunika ndi amene wayamba: inu poyamba, makina pambuyo. Tibwerere ku banki mkhonde ija. Mayi wabwereka K50,000 pa chiwongoladzanja cha 20 peresenti pamwezi, ndipo wakhala miyezi itatu osabweza. Mukangouza AI kuti ilembe function (kachigawo ka khodi kochita ntchito imodzi) yowerengera ngongoleyi, idzalemba yooneka bwino, yopanda error, ndipo idzasankha yokha, mwina osakuuzani, ngati chiwongoladzanja chikuwerengedwa pa ndalama yobwerekedwa yokha kapena chikuberekerana mwezi ndi mwezi. Njira yoyamba ikupereka K80,000, yachiwiri K86,400. K6,400 imeneyo ndi yokwanira kuutsa mapokoso pa mkeka tsiku logawana, ndipo yankho lake mulibe mu kompyuta iliyonse padziko, lili m'kope la malamulo a gululo. Amene wayamba ndi cholembera, kuwerengera mwezi ndi mwezi pa pepala, amagundana ndi funsoli asanalembe mzere ndi umodzi womwe, n'kupita kukafunsa amayi a m'gulumo.

Ndiye mwalemba function yanu, ikutulutsa nambala yolakwika. Musathamangire kunena kuti ikonze. Nenani chimene mumayembekeza, chimene chatuluka, ndi pamene mukukayikira, kenako muiuze kuti isakulembereni khodi koma ikufunseni funso limodzi lokuthandizani kupeza nokha. Zipangizozi zimamvera pempho lotere, ngakhale kuti macheza akatalika zimaiwala n'kuyambanso kukhuthula mayankho athunthu, ndiye muzizikumbutsa. Mafunso opindulitsa ndi ofuna chifukwa. N'chifukwa chiyani `0.1 + 0.2` mu Python ikutulutsa `0.30000000000000004`, ndipo zimenezi zikutanthauzanji pa pulogalamu yowerenga ndalama? Bwanji list imene ndasintha m'kati mwa function yasinthikanso kunja? Musanayendetse khodi iliyonse, yanu kapena ya makina, lembani pambali chimene mukuganiza kuti ituluka. Mukaphonya, pamenepo ndi pamene pali funso loyenera kuwonongerapo bandulo.

Misampha ilipo. Kufotokoza kwa AI kumakhala kosalala, ndipo munthu ukawerenga chinthu chosalala umagwedeza mutu n'kumaona ngati chalowa. Kudziyesa kwake n'kosavuta: tsekani macheza, tsegulani fayilo yopanda kanthu, lembaninso. Magetsi akazima pepala likwanira. Zipangizozi zimakondanso kuvomereza zimene mwanena. Mukafunsa kuti kodi vuto silili pa mzere wachisanuwu, kawirikawiri zimati mwalasa ngakhale mwaphonya, choncho funsani mosazitsogolera. Ndipo zimapeka: mayina a library amene kulibe, ma function amene adachotsedwa kalekale. Stack Overflow, tsamba limene olemba mapulogalamu amafunsiranapo mafunso, idaletsa mayankho a ChatGPT mu Disembala 2022 pa chifukwa chomwechi, chakuti ankaoneka olondola pamene ambiri anali olakwika. Zakonzeka kwambiri kuchokera nthawi imeneyo, koma khalidwelo silinathe, makamaka pa zinthu za kuno zimene sizinalembedwe kwambiri pa intaneti, monga kulumikiza pulogalamu ndi Airtel Money kapena TNM Mpamba. Pamenepo werengani zolemba za eni ake, AI ingokuthandizani kumva Chingerezi chake.

Pa nkhani ya chinenero, zipangizozi zimamva Chichewa pang'ono, Chiyao mocheperapo, ndipo zikayesa kufotokoza zozama m'Chichewa zimatuluka zopindika. Funsani m'Chingerezi chosavuta, ngakhale chothyokathyoka chilibe kanthu. Kenako mudzifotokozere nokha m'chinenero cha kunyumba. Ngati mukulephera kuuza mng'ono wanu m'Chichewa kapena m'Chiyao chimene function yanu ikuchita, ndiye kuti mwaloweza mawu a makina basi, bwererani.

## Kukhala kaye popanda

Pali aphunzitsi amene amati wophunzira asayandikire AI mpaka atakhwima, ndipo sakunama kwenikweni. Katswiri wa za kaphunziridwe Robert Bjork adaonetsa m'zaka za m'ma 1990 kuti zovuta zina zimathandiza: chimene wachikumbukira movutikira chimakhazikika kuposa chimene wangochiwerenganso. Kuwerenga uthenga wa error wa Python kuyambira pansi, kupeza nambala ya mzere, kuika `print` pakati kuti uone chimene chili mu variable, luso limeneli limabwera pokhapokha utalimbana nalo vuto wekha. Ndi luso lomwe lija lidasowa kwambiri pa mayeso a Trio.

Kwa ife njirayi ili ndi ubwino winanso, siifuna netiweki. Zolemba zonse za Python mukhoza kuzitsitsa kamodzi pa python.org n'kuzisunga pa laputopu, ndipo mavidiyo a CS50 mungawatsitse tsiku lomwe mwapeza Wi-Fi.

Koma ndisakometse. Munthu wodziphunzitsa yekha kwa Katuli kapena ku Chilipa, wopanda mphunzitsi pafupi, akhoza kutaya masiku pa vuto lopanda phunziro lililonse, monga Python amene sanalowe mu PATH pa Windows, mpaka kugwa ulesi n'kusiya zonse. Kulimbana ndi loop yanu kumaphunzitsa, kulimbana ndi installer kumangodya nthawi. Ndiye ndingati miyezi yoyambirira, pa variable, `if`, loop, function ndi list, lembani popanda AI, koma pa zokonza makina funsani msanga osachita manyazi. Pa khodi yeniyeniyo dziikireni nthawi, tinene theka la ola, musanapemphe thandizo, ndipo mukapempha pemphani mwa njira ya mphunzitsi ija.

Ena amafunsa za AI yokhala pa laputopu pomwepo, kudzera mu pulogalamu ngati Ollama. Zimatheka, ndipo ikatsitsidwa siifunanso intaneti. Koma fayilo yake ndi ya magigabayiti angapo, malaputopu akale a 4GB kapena 8GB RAM amene ambiri timagula amalira nayo, batire limatha msanga, ndipo timamodelo tating'ono timalakwitsa kwambiri kuposa akuluakulu a pa intaneti. Wongoyamba, amene sangazindikire bodza, ndiye wosayenera kupatsidwa mphunzitsi wofooka. Isiyireni odziwa kale.

Njira imene imaiwalika m'mikangano yonseyi ndi munthu mnzako. Malo okumanirana a zamakompyuta ngati mHub ali ku Lilongwe, kutali nafe, koma anthu atatu okumana pa boma Loweruka lililonse, aliyense n'kuonetsa khodi yake, amachita chimene AI sichita pokhapokha mutaipempha: amakufunsa iwe, ndipo sakunyengerera. Lamulo limodzi likwanira, lakuti khodi iliyonse ndi yololedwa, ngakhale yolembedwa ndi makina, bola mwini wake afotokoze mzere uliwonse umene anzake aloza. Aphunzitsi nawo angatolepo kanthu. Kuletsa AI pa ntchito yokachitira kunyumba palibe angakulondoloze. Kuitana wophunzira, kumulozera mzere 14 wa ntchito yake, n'kumuuza kuti asinthe pulogalamuyo pomwepo kuti iwerengere chiwongoladzanja mwa njira inayo, kumatenga mphindi zisanu ndipo kumaulula zonse.

## Nanga amene ali kale pa ntchito?

Wophunzira ali ndi nthawi yovutika, koma amene kasitomala akumudikira Lachisanu alibe. Ameneyu sindingamuuze kuti asiye agent kapena Tab. Agawe ntchito pawiri. Zimene amazidziwa kale moti angaone cholakwika atangoponya maso, monga mafomu, CSS ndi khodi yobwerezabwereza, apereke kwa makina. Chimene akuchiona koyamba, kapena pamene pakudutsa ndalama, mapasiwedi ndi mayina a anthu, alembe yekha, apo ayi ayende nacho mzere ndi mzere akufunsa. Ntchito ikhale mu Git, pulogalamu yosunga mbiri ya zosintha mu khodi, ndipo asanavomereze kusintha kulikonse ayang'ane `git diff`, imene imaonetsa mizere yasintha. Kusinthako kukakula moti sangakuwerenge konse, auze makinawo kuti agawe tizidutswa.

Asamalenso zimene akumata m'bokosi la macheza. Kope la banki mkhonde lili ndi mayina, manambala a foni ndi ngongole za anthu amene sanavomere kuti zipite ku seva ya kunja. Za odwala kuchipatala ndiye n'zosayamba n'komwe. Malawi ali ndi Data Protection Act ya 2024, ndipo ngakhale lamulolo pakadapanda, nkhani ya ngongole ya munthu ikatuluka kuno imafika kwa apongozi ake tsiku lomwelo. Pofunsa AI gwiritsani ntchito mayina ndi manambala opeka, koma opeka mwa kuno. Muikemo dzina limodzi la kachizindikiro kaja, nambala ina yoyamba ndi 099, ina 088, ina +265, ndi deti lolembedwa tsiku poyamba mwezi pambuyo, monga 03/04/2025, kuti muone ngati pulogalamuyo ikuliwerenga 3 Epulo kapena 4 Malichi.